Chitsime Chimene Likongwe Sanachiyeze

Padangokhala, ndipo inu mukhale nane pompano, kalekale nyama zikadali ndi sukulu zawo, panali sukulu ya ukachenjede yophunzitsa sayansi. Mkulu wa sukuluyo anali Njati. Woyang'anira mayeso anali Kadzidzi. Koma amene ophunzira ankawaopa kwambiri, ngakhale sankakalipa, anali Mayi Ngaka, mphunzitsi wa kayezedwe ka madzi akumwa.

Tsiku loyamba Mayi Ngaka sanatulutse botolo ngakhale limodzi. Anangokhala pampando n'kuuza ophunzira zimene amayembekezera kwa aliyense wolowa m'kalasi mwawo: azilemba zokhazo zimene waona ndi maso ake, akabwereka mawu a mnzake azitchula mwini wake, ndipo chinthu chikamukanika azinena kuti chamukanika. Anawauzanso kuti zolemba zawo sizidzathera pa pepala, chifukwa kwinakwake kuli wina amene adzamwe madzi powakhulupirira iwo. Kenako anawaphunzitsa kanyimbo koimba potsuka mabotolo. Mmodzi ankatsogolera, kufunsa kuti zolembedwazo anaziona ndani, ndipo onse ankavomera kuti ndi diso limene linaona, dzanja linangotsatira. Kanali kanyimbo kafupi, koombera m'manja kawiri pothera pake, ndipo pasanathe sabata ngakhale ophika a pasukulupo anali akukaimba.

M'kalasimo munali Likongwe, wamng'ono thupi, wachangu miyendo ndi pakamwa pomwe. Nzeru anali nazo zoti akanatha kukhoza popanda chinyengo, koma kudikira kunkamutopetsa, pamene kuyeza madzi ndi ntchito ya kudikira. Munalinso Fulu, wamkulu kuposa onse, bambo wa ana asanu. Fulu anabwera kusukulu atakula kale chifukwa kwawo ana ankangotsegula m'mimba, ndipo mmodzi anali atamwalira. Madzi ankawiritsa nkhuni zikapezeka, koma kuti fulu asenze nkhuni tsiku ndi tsiku sizinkatheka. Ankafuna kudziwa ngati vuto linali chitsime chawo. Awiriwa ankakhala benchi imodzi. Likongwe ankati achimwene, Fulu ankati mphwanga.

Mayeso oyamba anali a mabotolo khumi. Wophunzira aliyense anapatsidwa madzi ofanana ndi a anzake, ndipo anayenera kudonthezamo mankhwala n'kukhala pomwepo akuyang'anira. Madzi abwino ankakhalabe mbee, oipa ankada bii, ena msanga, ena mochedwa. Aliyense anayenera kulemba botolo limene lada ndi nthawi imene ladera.

M'mawa umenewo ngumbi zinatuluka kuseri kwa kalasi. Likongwe anapempha kuti akadzithandize, ndipo anabwerera dzuwa lili paliwombo, mimba ili tiii, mabotolo atakhuthulidwa kale. Pepala lake linalibe kanthu. Fulu, amene maso ake anali pa mabotolo m'mawa wonse, sanazindikire n'komwe kuti mnzake anachokapo. Kupempha kuti akopere, Likongwe sakanayerekeza, chifukwa ankadziwa kuti Fulu akana. Koma ankadziwanso chinthu china: Fulu sankatha kumva mawu olakwika n'kukhala chete.

Tsono Likongwe anakhala pambali pake n'kuyamba kuyankhula ngati akudziwerengera yekha.

"Botolo loyamba linada msangamsanga."

"Ayi, mphwanga," anatero Fulu, "loyamba silinade konse."

"Zoona, ndasokoneza ndi lachiwiri. Lachiwiri ndi limene linada tisanakhale n'komwe pansi."

"Lachiwiri linada belu lachitatu litalira. Unkayang'ana kuti iwe?"

Likongwe analakwitsa dala mabotolo onse khumi, ndipo Fulu anamukonza onse khumi, nthawi yake yomwe. Likongwe analemba zonsezo mwaukhondo, anawonjezera kafotokozedwe kake kokoma, ndipo zotsatira zitatuluka iye anali woyamba, Fulu wachiwiri. Popita kogona tsiku limenelo anaimba kanyimbo ka Mayi Ngaka, koma atakapotoza: pamene anzake ankati diso linaona, iye ankati khutu linamva, dzanja linangotsatira. Anaombanso m'manja kawiri, n'kuseka yekha.

Mayeso achiwiri anali olemba, ndipo awa ndi amene ophunzira ankawaopa, chifukwa Kadzidzi ankatembenuza khosi n'kuona za kumbuyo osasuntha pampando. Pakhomo ankasecha aliyense, m'matumba, m'makutu, ngakhale kunsi kwa mchira. Likongwe sanawerenge. M'malo mwake anapita kukaona ndandanda wa malo okhala, n'kupeza kuti patsogolo pake padzakhala Mbidzi.

M'mawa wa tsiku la mayeso anapita kwa Mbidzi n'kumuuza kuti waona nkhupakupa kumsana kwake, ndipo sikungakhale bwino kulemba mayeso akuyabwidwa. Mbidzi anathokoza, n'kugona chafufumimba. Likongwe anakwera pamsana ali ndi kachidutswa ka khala kosongoka. Dzanja limodzi linkakanda, lina linkalemba timawu tating'onoting'ono m'mphepete mwa mizere yakuda, moti woona chapatali akanati ndi mizere yomweyo. Analemba mayina a mankhwala, miyezo yake, ndi zonse zimene ankaganiza kuti zifunsidwa.

Kadzidzi anamusecha pakhomo ndipo sanapeze kanthu. M'chipinda cha mayeso, nthawi iliyonse akatembenuza khosi, ankangoona Likongwe akuyang'ana kutsogolo ngati wophunzira woganiza mozama. Pakati pa mayeso kunatentha, Mbidzi anayamba kutuluka thukuta, ndipo timawu tija tinayamba kuyenderera. Likongwe anatenga pepala n'kuyamba kumukupiza.

"Ukuchita chiyani pamenepo?" anafunsa Kadzidzi.

"Mnzangayu akomoka ndi kutenthaku, bwana. Ndingomusiya?"

Kadzidzi anamuyamikira pamaso pa onse chifukwa cha mtima wabwino. Likongwe anakhalanso woyamba. Tsiku limenelo kanyimbo kaja anakaimba kuti msana wa mnzake ndi umene unadziwa, dzanja linangotsatira.

Patapita masiku awiri Mayi Ngaka anamuitana. Anamuuza kuti mayankho ake anali abwino kwambiri, kenako anamupatsa botolo ndi mankhwala kuti awaonetse kadonthezedwe kake. Likongwe anagwira botolo kukamwa, malo amene wophunzira aliyense wa sabata yoyamba amadziwa kuti sagwira. Atazindikira, ananena msanga kuti dzanja lake linabinya, n'chifukwa chake wagwira motero. Mayi Ngaka anamuyang'ana nthawi yaitali. Analibe umboni, ndipo sanafune kumunamizira.

"Mwana wanga," anatero, "khomo langali silitsekedwa. Malamulo a sukulu ino amasiyanitsa wobwera yekha ndi wogwidwa. Pita."

Likongwe anatuluka, ndipo pofika panja anali atadziuza kale kuti wapulumukanso.

Mayeso achitatu anali aakulu kuposa onse. Wophunzira aliyense anapatsidwa chitsime chenicheni kuti akachiyeze m'mawa uliwonse kwa masiku asanu ndi awiri, n'kulemba lipoti. Fulu anapempha chitsime cha kwawo ndipo anamupatsa. Likongwe anagweredwa ndi chitsime cha pa Mtondo, chimene chinali kutali kuposa zonse, ulendo wa theka la tsiku ngakhale kwa wothamanga ngati iye.

Likongwe sanapiteko. Anakabisala kwa msuweni wake pafupi ndi sukulu, ndipo mabotolo ake okapereka kwa aphunzitsi anawadzaza ndi madzi a m'thanki ya pasukulu, amene ankadziwika kuti ndi abwino. Ankadziwa kuti lipoti losalala kwambiri limakayikitsa, choncho pa tsiku lachinayi analemba kuti botolo linamupulumuka n'kusweka, ndipo anapepesa. Pepala lina analidonthezera matope pang'ono. Tsiku lobwerera anadzipaka fumbi m'miyendo n'kulowa pasukulu akutsimphina. Lipoti lake linati madzi a pa Mtondo ndi abwino, masiku onse amene anayezedwa anakhalabe mbee. Ulendo uno kanyimbo kaja anakaimba kuti panalibe amene anaona, dzanja linayenda lokha, ndipo anakaimba mokweza kuposa kale lonse.

Mwambo wa pasukulupo unali wakuti malipoti azikhomedwa pa bolodi kwa masiku angapo kuti ophunzira awerengerane, mphunzitsi asanasaine. Lipoti la Fulu linali lalifupi ndi lowawa: chitsime cha kwawo chinada masiku onse asanu ndi awiri. Fulu anaima pa bolodipo nthawi yaitali, akuwerenga malipoti a anzake limodzilimodzi. Zitsime zambiri zinali zoipa kapena zinali ndi eni ake ambiri kale. Atafika pa la Likongwe, analiwerenga kawiri.

Masana a tsiku lomwelo anamupeza Likongwe akuwothera dzuwa. Anamugwira manja onse awiri n'kumuuza kuti mwana wake wotsiriza wayambanso kudwala, ndipo iye wakhala akusowa kolowera, koma tsopano wapeza. Akunyamuka lero lomwe kukatenga banja lake, asamukire pa Mtondo.

"Mphwanga, unayenda mtunda wautali chonchija, mpaka miyendo kutupa. Sunadziwe kuti ukuyendera ana anga. Zikomo."

Likongwe anati kukanakhala bwino kudikira kuti aphunzitsi asaine kaye.

"Mwana sangadikire," anayankha Fulu. "Ndipo ndikayikire chiyani? Woyamba m'kalasi ndiwe. Unaona ndi maso ako."

Anamusiyira kaphukusi ka ngumbi zouma zimene anasunga kuti azidya pa ulendo, n'kunyamuka.

Likongwe anatsegula kaphukusiko, koma sanathe kudya. Tsiku lonse anadziuza kuti mwina madziwo ndi abwinodi, poti zitsime zina zimakhala zabwino. Anadziuzanso kuti iye sanatume aliyense kusamuka. Koma m'mawa mwake anatenga mabotolo atatu ndi mankhwala, n'kuthamangira ku Mtondo kwa nthawi yoyamba. Atafika anapeza kuti kadonthezedwe sakukadziwa bwino, ndipo anachita kukumbukira m'mene manja a Fulu ankachitira pa benchi. Anadontheza, n'kukhala pansi kudikira, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire sukulu. Botolo loyamba linada. Lachiwiri linada. Lachitatu linada bii ngati makala. Atazungulira chitsimecho anapeza chimbudzi chakale cha afisi chitagumuka chakumtunda kwake.

Ngakhale pamenepo Likongwe sanaganize zoulula. Anaganiza zochenjera. Akangomubweza Fulu m'njira popanda kumuuza chifukwa, ana apulumuka, ndipo dzina lake lipulumukanso.

Anakumana nawo tsiku lotsatira: Fulu patsogolo, akazi ake pambuyo atabereka wodwala uja, ana ena ali pakati. Anawo ankaimba kanyimbo ka kusukulu kamene bambo awo anawaphunzitsa, ndipo ataona Likongwe anamutsogolerera kuti avomere. Iye anatsokomola n'kunena kuti wadwala chimfine. Kenako anauza Fulu kuti abwerere, chifukwa kutsogoloko Mkango wamanga msasa panjira. Fulu anamuthokoza chifukwa cha chenjezo, koma anati afulu Mkango samuopa, amangolowa m'zigoba mpaka atope. Anapitirira.

Likongwe anathamanga mozungulira n'kukawadulira kutsogolo. Anati wangokumbukira kuti pa Mtondo pali mwambo: mlendo satunga madzi mpaka atatha masiku asanu ndi awiri. Akazi a Fulu anati mwambo aulemekeza, akuluakulu adikira, koma palibe mudzi umene ungamane madzi mwana wodwala. Anapitirira.

Likongwe anathamangiranso kuchitsime, anadula minga yambiri n'kutchinga pakamwa pake ponse, mpaka manja ake kuchucha magazi. Banja lija litafika, iye anati taonani, eni ake atseka. Fulu anati mwina ndi mphepo yaunjika zimenezi. Analowetsa mutu m'chigoba, n'kukankha mingayo pang'onopang'ono mpaka njira inatseguka.

Akazi a Fulu anatsitsa mwana, anatenga chikho n'kutunga. Madziwo ankaoneka oyera bwino. Mwanayo anali atauma milomo, ndipo ataona chikho anatukula mutu. Likongwe anafunafuna m'mutu mwake bodza lachinayi, koma silinabwere. Chikho chili pafupi ndi kamwa ya mwana, analumpha n'kuchimenya, madzi n'kutayikira pansi.

"Musamumwetse, alamu. Madziwa ndi oipa."

Onse anamuyang'ana.

"Ine kuno sindinafikeko masiku onse aja. Lipoti lija ndinalipeka. Ndayeza dzulo, mabotolo atatu, onse anada."

Akazi a Fulu anamunyamula mwana uja n'kufulatira. Fulu analowetsa mutu m'chigoba ndipo anakhala momwemo nthawi yaitali, moti ana anayamba kulira. Likongwe anaima pomwepo. Miyendo yake inkafuna kuthawa, koma sanasunthe.

Fulu atatulutsa mutu sanakalipe. Anafunsa kuti mabotolowo anada nthawi yanji, ndipo Likongwe anamuuza, ulendo uno osalakwitsa. Anafunsanso kuti nanga madzi amene anapereka kwa aphunzitsi anawatenga kuti. Likongwe anati m'thanki ya pasukulu.

"Ndiye kuti amenewo ndi abwinodi," anatero Fulu. "Miyendo uli nayo. Mwanayu ali ndi ludzu."

Likongwe anatolera nkhuni msangamsanga kuti ayambe awiritsa madzi ochepa a pachitsimepo, kenako anamangirira mabotolo kumsana n'kuthamangira kusukulu. Kwa masiku atatu anathamanga uku ndi uku, kutunga m'thanki, kukatula pa Mtondo, kutola nkhuni, kubwereranso. Kutsimphina kumene ananamizira kuja kunakhala kwenikweni. Tsiku lachitatu mwana anayamba kudya.

Tsiku lomwelo Likongwe anakagogoda pakhomo pa Mayi Ngaka. Anawapeza akumanga chikwama. Iwo anali asanasaine lipoti lake, chifukwa silinatchule chimbudzi cha afisi chimene ankachidziwa, ndipo ankakonzeka kupita okha kukayeza. Zoti Fulu wasamukira kumeneko sankazidziwa. Likongwe anagwada n'kuwauza zonse, kuyambira mabotolo khumi, msana wa Mbidzi, mpaka chikho chimene anamenya. Sanabise kanthu, ngakhale zimene sakanazitulukira. Mayi Ngaka anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa za mwana. Atamva kuti wayamba kudya, anapumira m'mwamba n'kukhala pansi.

Mlandu unakambidwa pamaso pa sukulu yonse. Njati anakhala pakati, Kadzidzi kumanja, Mayi Ngaka kumanzere. Kadzidzi anali wokwiya kwambiri, makamaka pokumbukira kuti anamuyamikira pagulu. Mbidzi anati wasamba katatu koma akuonabe ngati ali ndi zilembo kumsana. Njati anawerenga lamulo: wopeka zotsatira achotsedwe sukulu, asadzabwerenso. Mayi Ngaka anati lamulo lomwelo lili ndi ndime yachiwiri, yonena za wobwera yekha asanagwidwe, ndipo anapempha kuti asagamule mpaka wolakwiridwa wamkulu atafika. Anamudikira Fulu masiku awiri.

Fulu atafika, Njati anamufunsa ngati akufuna Likongwe achotsedwe. Fulu anayankhula pang'onopang'ono monga mwa chikhalidwe chake. Anati sabisa: mnzakeyo anamubera ntchito, anamunamiza, ndipo pang'ono mwana wake akanamwa imfa. Anati akazi ake mpaka lero sakufuna kumva dzina lake.

"Koma pali chinthu chimodzi, bwana. Mwana wanga anali akudwala kale. Akanamwa madzi aja n'kumwalira, tonse tikanati ndi matenda omwe aja. Palibe akanadziwa. Iyeyu ankadziwa zimenezo, ndipo anamenyabe chikho. Mwana wanga ali moyo. Ine ndabwera kudzanena zimenezo."

Akuluakulu atatu aja anapita kukakambirana, ndipo pobwera Njati anagamula motere: malikisi onse a Likongwe afufutidwe, abwereze chaka chonse, zimene anachita zilembedwe pa bolodi pamodzi ndi dzina lake, ndipo akayeze chitsime cha pa Mtondo masiku onse asanu ndi awiri, wina akumuona. Malo oyamba pa mayeso a mabotolo khumi anabwezedwa kwa Fulu. Mayi Ngaka anadzudzulanso Fulu pang'ono, kuti wophunzira sayansi sasamutsa banja chifukwa cha lipoti losasainidwa, ngakhale walemba ndi mnzake wapamtima. Fulu anavomera. Mayi Ngaka nawonso anavomera pagulu kuti anachedwa kutsata chikayiko chawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo lipoti lililonse lokhomedwa pa bolodi linkalembedwa pamwamba kuti silinatsimikizidwe.

Likongwe anayembekezera kuchotsedwa, choncho atamva chigamulo misozi inatuluka. Anapita kwa Njati, kwa Kadzidzi, kwa Mbidzi, kupepesa ndi kuthokoza aliyense payekha. Kadzidzi anati zikomo wakeyo amulandira akamuonetsa njira zonse zoberera mayeso zimene akuzidziwa. Likongwe anamuonetsa khumi ndi zinayi. Kuyambira chaka chimenecho ambidzi onse ankalembera mayeso pa benchi yakumbuyo.

Chaka chobwereza sichinali chokoma. Anzake anapita patsogolo, iye anakhala ndi atsopano, amene onse anali atawerenga dzina lake pa bolodi. Akakhoza, ena ankanong'onezana kuti kaya wabera kwa yani. Mabotolo ankamutopetsabe. Koma ankakhala pomwepo mpaka ade kapena asade, ndipo tsiku lina pamene botolo linamupulumukadi n'kusweka, analemba kuti lasweka, n'kulandira malikisi ochepa. Patapita miyezi, Mayi Ngaka anamuuza kuti atsogolere kanyimbo kotsukira mabotolo. Anafunsa funso lija, kalasi inavomera, ndipo iye anavomera nawo monga m'mene kanyimboko kanapekedwera.

Nzeru zake sizinathe, zinangopeza ntchito ina. Afisi anakana kukwirira chimbudzi chawo chakale, ankati madzi oyera chonchija sangakhale ndi vuto, ndipo za mabotolo ndi matsenga a ana a sukulu. Likongwe sanatsutsane nawo. Anapita kwa mkulu wa afisi n'kunena kuti mwinadi iye ndi amene akulakwitsa, poti mbiri yake aliyense akuidziwa, ndiye bwanji mkuluyo atunge yekha, adontheze yekha, kuti amuchititse manyazi pamaso pa onse. Mkulu wa afisi anakondwa nazo, anaitana mtundu wake wonse kuti udzaone. Botolo linadera m'manja mwake momwe. Afisi, amene ankamwanso pomwepo, anakwirira chimbudzicho tsiku lomwelo, n'kukumba china kutali. Dzinja litatha Fulu, amene tsopano anali atamaliza maphunziro, anayeza chitsimecho masiku asanu ndi awiri, Mayi Ngaka anayezanso, ndipo madzi anakhalabe mbee. Banja la Fulu, limene nthawi yonseyi linali pa Mtondo likumwa madzi owiritsa, linakhazikika pomwepo.

Likongwe anamaliza maphunziro ake ali pa nambala ya chisanu ndi chinayi. Atalandira satifiketi anapita kaye kwa Mayi Ngaka. Anawauza kuti akanatha kumutaya ndipo palibe akanawadzudzula, koma sanatero, ndipo iye sadzaiwala. Mayi Ngaka anati iwo anangowerenga lamulo mpaka kumapeto, woyenera kuthokozedwa ali pa Mtondo.

Anapita kumeneko. Chaka chonse chija ankafika pakhomopo kawirikawiri, kudzatula nkhuni, ndipo Fulu ankamulandira, koma akazi a Fulu sanamupatsepo moni ngakhale kamodzi. Akamuona ankalowa m'nyumba. Tsiku limeneli Likongwe anaima chapatali monga mwa masiku onse, n'kuuza Fulu zimene anabwerera: kuti pa onse amene anawalakwira, iye ndi amene anali ndi chifukwa chachikulu chomugwetsera, koma ndi iyenso amene anayenda masiku awiri kudzamuimirira. Anati alibe choti angabweze.

Fulu anati wamva. Kenako chitseko chinatseguka. Akazi a Fulu anatuluka atanyamula mphasa, anaiyala pamthunzi, n'kuiphumuntha fumbi. Sanamuyang'ane Likongwe kumaso. Anaitana mwana wotsiriza uja, amene tsopano anali wonenepa ndi wosamva kuitana, n'kumukankha pang'ono kumsana.

"Pita ukapereke moni kwa bambo ako aang'ono. Uwauze akhale pansi, ayenda mtunda wautali."

Likongwe anakhala pa mphasapo, ndipo mwanayo anamukwera pamiyendo.

Nthano yanga ndaitula pamenepa. Amene munali nane, tanyamukani tizipita.